MSANA WOWERAMA NDI DZANJA LA AMBUYE

Werengani: Luka 13:10-17



Polowa m'caka catsopano, ambiri a ife titsegula buku ili kuti tione masiku a mwezi, nyengo ya kubzala ndi masiku a misonkhano ya mpingo. Koma mau a lero atiitana kuti tiwerenge buku lina limene tiyenda nalo tsiku ndi tsiku, ndilo thupi lathu lomwe. Luka, amene analemba Uthenga tawerengawu, anali sing'anga, monga Paulo amchula m'kalata wace wa kwa Akolose. Ndipo mwa alembi anai a Uthenga Wabwino, ndiye yekha anatisungira nkhani ya mkazi uyu.

Linali tsiku la Sabata, ndipo Ambuye Yesu analikuphunzitsa m'sunagoge. Pakati pa anthu panali mkazi amene msana wace unapindika zaka 18. Talingalirani moyo wace. Zaka zonsezo iye anali kuona pfumbi ndi mapazi a anthu. Anzace anali kuwadziwa ndi mayendedwe ao, pakuti nkhope zao sanathe kuzipenya bwino. Mkaziyo sanapemphe kanthu, sanapfuule monga anacitira wakhungu wa ku Yeriko. Yesu ndiye anayamba kumuona, namuitana, naika manja ace pa iye. Ndipo nthawi yomweyo msana unaongoka, mkaziyo nayamba kutamanda Mulungu.

Kuti tizindikire ukulu wa nchito imeneyi, tiyeni tipenye mamangidwe a thupi limene Mlengi anatipatsa, kuyambira pakhosi kufikira m'ciuno, ndi kumva cimene ciwalo ciri conse citiphunzitsa.

I. KHOSI

Mutu wa munthu wamkulu ulemera ngati makilo 5, ndipo khosi liusenza kuyambira m'mawa kufikira usiku osadandaula. Amai akatunga madzi, aonjezerapo ndowa ya malita 20, imene ilemera makilo 20. Katundu yenseyu akhala pa mafupa 7 okha. Cozizwitsa ndi ici: nyamalikiti ya m'cigwa ca Luangwa, imene idya nsonga za mitengo, iri nao mafupa 7 m'khosi mwace, monganso mbewa ya m'munda. Kusiyana kwace nkwakuti pfupa limodzi la nyamalikiti lingatalike masentimita 25. Mmisiri ndi mmodzi, muyeso ndi umodzi, koma cinyama ciri conse anacipimira monga mwa kusowa kwace.

Pfupa loyamba liri ngati mphete, ndipo cigaza cikhala pamenepo monga mtsuko pankhata. Madotolo alicha Atlas, dzina la cimphona ca m'nthano za Agriki cimene anati cinasenza thambo. Pamenepo ndi pamene mutu ugwedera pobvomera. Pfupa laciwiri liri ndi kamsomali koloza kumwamba, kolowa m'mphete ija, ndipo pa kamsomaliko mutu utembenuka popukusa, pamene munthu akana. Taonani, mafupa awiri oyamba a thupi loimirira anapangidwa kuti munthu athe kubvomera ndi kukana. Ambuye anatiphunzitsa paphiri paja kuti kubvomera kwathu ndi kukana kwathu kukhale koona, kosasowa malumbiro. Mkristu amene abvomera zonse, za Mulungu m'mawa ndi za kumowa madzulo, ali ngati munthu wothyoka khosi.

Khosi ndi mlatho wopapatiza, koma zambiri zipitapo. Kutsogolo kuli kholingo, njira ya mpweya. Kumbuyo kwace kuli m'mero, njira ya cakudya. Ndipo pomeza, kacitseko kakang'ono katseka njira ya mpweya kuti nsima isasocere. M'mbali muli mitsempha yaikulu yotengera mwazi kumutu ndi kuubwezanso. M'kati mwa mafupa mupita cingwe cofewa cocokera ku ubongo. Mitsempha yolamulira mnofu waukulu wopumira ituruka m'cingwe cimeneci pakhosi pomwepa, cifukwa cace munthu wothyoka khosi m'mwamba angaleke kupuma. Wansembe Eli, nkhalamba ya zaka 98, pakumva kuti likasa la Mulungu lalandidwa, anagwa cagada pampando wace, nathyoka khosi, nafa pomwepo (1 Samueli 4).

Cifukwa cace mverani langizo ili. Munthu akagwa mumtengo, panjinga kapena pangolo, nadandaula khosi kapena msana, kapena akati miyendo yace sakuimva, musamdzutse, musamkhazike, musamnyamule m'cikwa ca nsaru. Mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ena amgoneke mosamala pa citseko kapena thabwa, ndi kupita naye kucipatala ali cigonere. Cifundo cofulumira cosadziwa capundula anthu amene akadacira. Ndiponso mwana akatentha thupi kwambiri, mutu ukumpweteka, khosi lace litauma kotero kuti cibwano sicingafike pacifuwa, musadikire kuti kuce. Izi ndi zizindikiro za matenda oumitsa khosi, amene angaphe m'tsiku limodzi kapena awiri.

Koma kuli kuuma khosi kwina kumene dotolo sakhoza kucita nako kanthu. Mulungu anadandaula nako pa Aisrayeli m'cipululu atapanga mwana wa ng'ombe wagolidi, ndipo Stefano anadzudzula nako akulu a Ayuda asanamponye miyala. Inu olima ndi ng'ombe mucidziwa bwino. Ng'ombe youmitsa khosi pagoli idzipweteka yokha, ipweteka inzace, ndipo mzere ukhota. Kodi pali mlandu umene akulu a mpingo akhala akukudandaulirani caka cathaci, inu nkuumitsa khosi? Kodi pali mbale amene muyenera kumweramira ndi kunena kuti munalakwa? Goli la Kristu silipweteka khosi lofewa.

II. NSAGWADA

Ikani cala kutsogolo kwa khutu, ndipo tsegulani pakamwa. Mudzamva mfundo ikuyenda. Pamenepo ndi pamene nsagwada ya m'munsi ilumikizana ndi cigaza. Nsagwada ya m'mwamba siyenda konse. Ya m'munsi ndiyo itsika, ikwera, ipita m'mbali, kuti mano aphwanye cimanga cokazinga ndi kutafuna nzimbe. Mwana ali ndi mano 20 oyamba, wamkulu ali nao 32 akamera onse.

Pa pfupa limeneli pali nkhani yotiphunzitsa. Galen, sing'anga wochuka amene anagwira nchito ku Roma zaka zoposa 150 atabadwa Ambuye, anaphunzira thupi potumbula nyama, nalemba kuti nsagwada ya m'munsi ya munthu ndi mafupa awiri. Kwa zaka zoposa 1,300 ophunzira anabwereza mau ace. Ndipo m'caka ca 1543 Andreas Vesalius, mphunzitsi wa ku Padua m'dziko la Italy, amene anapenda matupi a anthu ndi manja ace, anasindikiza buku loonetsa kuti mwa munthu wamkulu pfupali ndi limodzi. Coonadi cinali pansi pa cibwano ca munthu ali yense, koma anthu anakonda kumva za m'maluwa koposa kudzionera. Anthu a ku Bereya anayamikidwa cifukwa anali kufufuza m'Malembo tsiku ndi tsiku kuti atsimikize zimene anamva (Macitidwe 17). Inunso amene mudziwa kuwerenga, musakhale ndi cikhulupiriro cobwereka.

Buku la Oweruza litiuza kuti Samsoni anakantha Afilisti 1,000 ndi nsagwada ya buru. Abale, m'midzi mwathu alipo ena oposa Samsoni, amene agwetsa mabanja ndi mipingo ndi nsagwada zao zomwe. Akulu amati lilime liribe pfupa, ndipo anena zoona, pakuti lilime ndi minofu yokha. Koma pansi pace, pamwamba pa kholingo, pali kapfupa kopindika kamene sikalumikizana ndi pfupa lina liri lonse. Kalenjekeka pa minofu, ndipo tsinde la lilime limangika pamenepo. Mlengi analipatsa lilime cikhomo, monga mbuzi imangidwa pafupi ndi munda. Yakobo m'mutu 3 wa kalata wace alifanizira ndi kamoto kamene katentha thengo lonse, ndipo inu mwaona lupsa la mwezi wa October mudziwa kuti woyatsa sakhoza kuliitana kuti libwerere.

Kuli nthenda imene imanga nsagwada, ndiyo kafumbata. Tizirombo tace tikhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo tilowa pabala lakuya kapena pamcombo wa khanda ukadulidwa ndi cinthu cosayera, kapena ukapakidwa zinthu zakuda. Khanda lileka kuyamwa, nsagwada ziuma, thupi likungika. Katemera aletsa nthenda imeneyi, ndipo mai woyembekezera akalandira katemerayo achinjiriza ndi mwana yemwe. Ndipo kuli kafumbata wa mzimu. Pamiseche pakamwa pali potseguka, koma pamene wamasiye alandidwa katundu, kapena nkhalamba inamiziridwa ufiti pabwalo, nsagwada za Akristu ziuma gwa. Mulungu amasule nsagwada zathu pa zoyenera, nazitseke pa zosayenera.

III. MSANA

Tsopano tifike pa msana weniweni. Mmisiri womanga nyumba afuna mzati woongoka wa mtengo umodzi. Mulungu sanatero. Anaunjika timafupa 33, lina pamwamba pa linzace: 7 a m'khosi tanena aja, 12 a kumbuyo kwa cifuwa, 5 akulu a m'ciuno, 5 amene agwirizana nakhala pfupa limodzi pamene munthu akula, ndi 4 ang'ono a kumapeto. Pakati pa mafupa oyenda anaikapo nkhata zazing'ono 23, zofewa m'kati, zolimba kunja, kuti mafupa asakhulane ndiponso kuti kugunda kwa phazi kusafike kumutu. Nkhatazi zifinyika usana ndi kulemera kwa thupi, ndipo zifufumanso usiku pogona, kotero kuti munthu ali wamtali pang'ono m'mawa koposa madzulo. Ngakhale mafupa athu acitira umboni kuti munthu analengedwa kuti azipumula.

Khanda libadwa ndi msana wopindika ngati uta. Pofika miyezi 3 kapena 4, pamene liyamba kudzutsa mutu kumbuyo kwa amace, khosi liyamba kupindikira kutsogolo. Pofika caka, pamene liimirira ndi kuyenda, m'ciuno namonso mupindika. Mapindiko amenewa ndiwo alimbitsa msana woimirira. Ndipo onani dongosolo lace: mwana ayamba wakweza maso, pambuyo pace aima. Momwemonso ndi mzimu wa munthu.

M'kati mwa mzati umenewu muli mpata, ndipo m'menemo mutsika cingwe cija ca ku ubongo. Mitsempha 31 ituruka mbali ya kumanja, 31 mbali ya kumanzere, kutengera mau a mutu ku manja ndi miyendo, ndi kubweza mbiri ya ziwalo kumutu. Cingweci cikaduka, miyendo ikhalapo yathunthu, koma simvanso mutu. Paulo aphunzitsa kuti Kristu ndiye mutu ndipo mpingo ndiwo thupi. Mpingo ungakhale ndi nyumba ya njerwa, kwaya ndi zopereka. Koma ngati mau a Mutu safika ku ziwalo, mpingowo ndi wopuwala.

Tsono ndinene za cinthu cimene cabvuta mabanja ambiri. Tizirombo ta cifuwa cacikulu, timene Robert Koch wa ku Germany anatipeza m'caka ca 1882, sitikhala m'mapapo mokha. Nthawi zina tiyenda ndi mwazi kukalowa m'mafupa a msana, ndi kuwadya pang'ono pang'ono monga ciswe cidya mzati. Pfupa likafumbwa kutsogolo, lifwamphuka, msana upindika, ndipo linunda lituruka. Cingwe ca m'kati cikapanikizika, miyendo ifooka. Dotolo wa ku London, Percivall Pott, analongosola nthenda imeneyi m'caka ca 1779. Zizindikiro zace zoyamba ndi izi: msana upweteka masabata ambiri osaleka, makamaka usiku, munthu aonda, atuluka thukuta pogona, mwana aleka kusewera, ayenda mouma, ndipo pofuna kutola kanthu pansi sawerama koma anjuta, atagwira maondo. Nthenda iyi icizika ndi mankhwala a kucipatala, akumwa tsiku ndi tsiku miyezi 6 kapena kuposerapo, osalekeza panjira. Koma pfupa lofwamphuka kale mankhwala saliongola. Kuongola mtengo mpoyamba.

Nanga ife ticita ciani? Kawiri kawiri miyezi imene ikadapulumutsa mwana ithera pa kuombeza ula ndi kutema mphini. Mbuzi ipita, nkhuku zipita, ndipo potsiriza cala ciloza agogo ena osauka a kumapeto kwa mudzi. Mwana akhala ndi linunda moyo wace wonse, ndipo mudzi ugawanika. Penyani Ambuye wathu. Iye ananena poyera kuti Satana ndiye anamanga mkazi uja, pakuti nthenda ndi imfa ndi adani a Mulungu. Koma sanaloze cala munthu ali yense m'sunagogemo. Sanafunsenso kuti mkaziyo anacimwa ciani. Anamucha mwana wa Abrahamu, dzina laulemu limene mwina sanalimve pa iye yekha zaka 18. Anambwezera ulemu pamodzi ndi msana.

Koma mkulu wa sunagoge anakwiya cifukwa cinali tsiku la Sabata. Msana wace unali woongoka, mtima ndiwo unali wopindika. Yesu anamkumbutsa kuti ali yense wa iwo anali kumasula ng'ombe kapena buru wace pa Sabata kukammwetsa madzi. Amuna anzanga, mau awa atilasa ifenso. Ndani sanaone panjira ya kumunda mai atasenza mtolo wa nkhuni, mwana kumbuyo, khasu kumanja, pathupi pali pena, bambo ali patsogolo ndi kankhwangwa paphewa? Ng'ombe zathu tizimasula dzuwa likakwera, koma amai a m'nyumba sitiwamasula. Mafupa 5 a m'ciuno ndiwo asenza thupi lonse la kumwamba, ndipo afooka ndi katundu wa zaka zambiri. Amene ali ndi njinga kapena ngolo, atengerepo madzi ndi nkhuni. Ndipo nonse ponyamula thumba, pindani maondo, liyandikizeni kuthupi, muimirire ndi mphamvu ya miyendo, osati ya msana.

IV. CIFUWA NDI MIMBA

Pa mafupa 12 a kumbuyo kwa cifuwa pamangika nthiti, 12 mbali iyi, 12 mbali inayo. Za m'mwamba 7 zifika pa pfupa la pacifuwa, 3 zotsatira zigwira pa zinzace, ndipo 2 za m'munsi zilekezera m'minofu. Ena amati mwamuna aperewera nthiti imodzi cifukwa ca Adamu. Si zoona ai. Mwamuna ndi mkazi onse ali nazo 24, ndipo Vesalius yemwe uja anaziwerenga. Izi sizitsutsana ndi Genesis, pakuti munthu woduka cala abala ana a zala zokwanira. Tisaike m'Malembo zimene mulibe, kuti ana athu a kusukulu angadzataye zoona pamodzi ndi zoonjezera zathu.

Nthiti ziri ngati nkhokwe yolukidwa bwino, yosunga cuma ca mwini: mtima ndi mapapo. Koma nkhokwe iyi ifutukuka ndi kubwerera pa mpweya uli wonse. Pansi pace pali mnofu waukulu wonga mbale yobvundikira, wolekanitsa cifuwa ndi mimba. Ukatsika, mpweya ulowa, ukakwera, mpweya uturuka. Mtima ugunda ngati ka 100,000 tsiku limodzi. Ndani wa ife anaulamulira usiku wathawu? Tinagona tulo, koma Wosunga Israyeli sanagone. Kunsi kwace kuli cifu, ciwindi ndi matumbo, ndi impso ziwiri kumbuyo. Kutsogolo kwa mimba Mlengi sanaikeko pfupa, kuti munthu athe kuwerama, ndiponso kuti mwana apeze malo okulira mwa amace.

Ndipo tsopano kwezani maso mupenye thupi lina. Msana wa Iye amene anaongola mkazi uja unakwapulidwa ndi asilikari a Pilato. Anampanda kumaso, ndipo nsagwada zace sizinabwezere cipongwe. Mapewa ace anasenza mtanda. Potsiriza khosi lace linawerama, napereka mzimu. Msilikari anamlasa m'nthiti ndi mkondo, koma Yohane acitira umboni kuti pfupa lace ngakhale limodzi silinathyoledwe. Iye anawerama pansi pa katundu wa zoipa zathu kuti ife, amene ucimo unatipinda kuti tiziona za pansi zokha, tiweramuke ndi kupenya nkhope ya Atate.

POTSIRIZA

Alipo pakati pathu abale amene misana yao siidzaongoka m'moyo uno: a linunda, opuwala, ndi nkhalamba zoyenda ndi ndodo. Ena analeka kubwera kumapemphero cifukwa ana awaseka ndipo akulu awanong'oneza. Mpingo uwafune caka cino. Anyamata awatenge panjinga, akulu awakhazike kutsogolo, ndipo makolo alange mwana woseka cilema. Kwa inu obvutika ndinena: Yesu anaona mkazi uja asanapemphe, ndipo inunso akuonani. Thupi ili lidzaikidwa m'manda lofooka, koma lidzaukitsidwa lamphamvu, ndipo tsiku limenelo sipadzakhala wowerama.

Ife tonse tidziyese. Kodi khosi langa lifewa pamaso pa Mulungu? Kodi nsagwada zanga zamanga kapena zapasula? Kodi pali msana umene ukupindika cifukwa ca ulesi wanga? Kodi pali mwana m'mudzi mwathu amene ayenera kupita kucipatala sabata lino?

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene munalumikiza mafupa athu tisanabadwe, tikuyamikani cifukwa ca thupi limene munatipatsa. Fewetsani makosi athu ouma, sungani pakamwa pathu, ndipo tiphunzitseni kupeputsa katundu wa anzathu. Cizani odwala, patsani nzeru madotolo ndi anamwino, ndipo cotsani mantha ndi kunamizirana m'midzi mwathu. Ikani dzanja lanu pa ife monga pa mkazi uja, kuti tiimirire ndi kukutamandani masiku onse a caka cino. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.